Manja a Kasingano Anatsalira Kukhoti

Pali nyumba zina zoti ukamalowa umayamba wapukuta mapazi ngakhale palibe wakuuza. Ya atelala inali yotero. Kutsogolo kunali shopu: makina awiri osokera, tebulo lodulira nsalu, ndi galasi lalitali limene linkanamiza makasitomala kuti aonda. Kuseri kunali kogona. M'mawa uliwonse makina asanayambe kulira, bambo ankatsegula Baibulo, mayi n'kuyambitsa nyimbo, poti ndiwo ankatsogolera kwaya ya amayi kutchalitchi.

Mwana anali mmodzi, mnyamata. Maso a atelala anayamba kuchita nkhungu iye akadali wamng'ono, ndiye ntchito yake inali kulowetsa ulusi pa singano. Kamodzi basi, osanyambita ulusi, osatsinzina diso. Anamutcha Kasingano, ndipo dzinalo linamukakamira mpaka anakula n'kukhala dokotala pa chipatala chachikulu.

Kumeneko manja ake anatchuka. Akasoka bala, munthu ankachoka akudandaula kuti chipsera sichikuoneka, kwawo sakakhulupirira kuti anavulaladi.

Koma udokotala uli ndi makwerero. Amene wamaliza maphunziro oyamba, akafuna kukhala katswiri wa opaleshoni amabwereranso kusukulu ya madokotala zaka zina zingapo. Malo ake ndi ochepa ngati mipando ya basi yam'mawa, ofuna ndi khamu. Amalemba mayeso, okhoza kwambiri n'kulowa, otsala n'kudikira chaka china.

"Ukuwerenga koma?" anafunsa atelala tsiku lina, akudula kolala.

"Ababa, opaleshoni sachita ndi buku. Amachita ndi izi." Anawaonetsa zala.

"Oho. Ine ndinkayesa mutu ndiwo umatuma manja. Koma ndine telala, mwina kwanuko manja amadzituma okha."

Zotsatira zitatuluka, Kasingano anatsala pakhomo penipeni. Anali woyamba mwa odikira. Malo omaliza anatenga mnzake wa mu wodi yomweyo, mayi wachitsikana amene anamwino ankamutcha Dokotala Wamfupi, chifukwa pothandiza opaleshoni ankakwera pa kabenchi kuti afike patebulo. Iyeyu pa nthawi ya tiyi ankatsamiritsa buku pa kapu n'kumawerenga. Ndiye yemweyo ankamugwirira ntchito Kasingano akafuna kukaonera mpira.

Kunyumba Kasingano anakana chakudya.

"Idya, mwana wanga," anatero mayi ake. "Sukuluyo siithawa. Sunga khosi, mkanda uoneka."

"Chaka ndi chiyani?" anawonjezera atelala. "Pali suti zina muno zatha chaka eni ake asanabwere kudzatenga. Kalembetsenso, koma ulendo uno ulidziwe buku."

Poyamba anamvera. Anatenga masatifiketi ake kupita nawo kukhoti kukadinditsa kuti alembetsenso. Akudikira pa benchi, pambali pake panakhala bambo wina wa jekete lonyezimira m'zigongono, chikwama chodzaza mapepala a milandu ya eni. Sanali loya. Ankangodziwa chitseko chilichonse cha pakhotipo, ndi loya aliyense amene ali ndi njala. Anthu ankawatcha a Tiwaonetsa, chifukwa mawu amenewo sankachoka pakamwa pawo.

Anasuzumira masatifiketi aja, n'kupukusa mutu.

"Adokotala, nkhope imeneyo si ya munthu wodinditsa mapepala. Ndi ya munthu woberedwa."

Munthu wopwetekedwa mtima safuna kumuchonderera. Kasingano anakhuthula zonse.

"Ndiye manja amenewa agonje kwa munthu wokwera kabenchi?" a Tiwaonetsa anawomba m'manja. "Tandiuzani. Munamuonapo akulowa mu ofesi ya pulofesa amene amasankha?"

"Kambirimbiri. Tonse timalowamo kukaonetsa zithunzi za odwala."

"Sindinafunse za nonse. Chitseko ankatseka?"

"Chimadzitseka chokha chija."

"Eyaa! Analowa, chitseko n'kutsekeka. Basi, bwana. Inu mwabweretsa nsalu, kusoka tisiyireni ife."

Masatifiketi sanadindidwe tsiku limenelo. Sabata isanathe, Kasingano anaika dzanja lake lamanja pa Baibulo mu ofesi ya loya, dzanja lomwe lija lolowetsa ulusi, n'kulumbira kuti anaona Dokotala Wamfupi akutuluka kwa pulofesa akukonza bulauzi, ndipo malo anawapeza mwa njira imeneyo. Woweruza anapereka chiletso: asalowe m'kalasi aliyense, sukulu isasinthe kanthu pa osankhidwa, mpaka mlandu umveke.

Kuseri kwa khoti kuli kabala kamene opambana ndi ogonja amamwera limodzi. A Tiwaonetsa anamukokera kumeneko.

"Sindimwa ine."

"Si kumwa kumeneku, ndi kutsuka pakamwa polumbira. Munthu mmodzi mwaimitsa sukulu yonse, mukasangalale ndi madzi?"

Anamwa kamodzi. Kanawawa. Kachiwiri kanawawa pang'ono.

Nkhani inafika kunyumba iye asanafike. Anapeza makina ali chete, mayi ake atakhala pa mpando wa makasitomala.

"Mayi a mtsikana ameneyu amaima pambali panga pa kwaya," anatero. "Buku la nyimbo timaonera limodzi. Lamulungu ndikawayang'ana ndi maso ati?"

Atelala sanakweze mawu. "Unaona?"

"Ababa, loya wanena kuti..."

"Loya sindinamulere ine. Ndinalera iwe. Unaona?"

Kasingano anayang'ana tizidutswa ta nsalu pansi.

"Msoko wokhota umaumasula tsiku lomwelo," anatero atelala, "ulusi usanazolowere nsalu. Pita ukamasule."

"Inu zamalamulo simuzidziwa."

"Zoona. Ndimangodziwa khumi aja. Lina mwa iwo waliponda."

Kuchipatala anamwino anasiya kumuseketsa. Tsiku lina ali yekha m'chipinda chomwera tiyi, Dokotala Wamfupi analowa, n'kuthira madzi otentha m'kapu mwake mosathamanga.

"Achimwene, bulauzi ija inali ya mtundu wanji?"

"Nkhani ili kukhoti, sindingayankhulepo."

"Ayi, n'chifukwa apongozi anga akufunsa. Amuna anga nawo akufunsa, koma iwo amafunsa ndi maso. Ndimati ndiwayankhe zogwirizana ndi zanu." Anatakasa tiyi. "Ndatopa, achimwene. Ndilibe ngakhale mphamvu yokudani."

Anatuluka, tiyi n'kumusiya pomwepo.

Apa ndi pamene Mulungu anamutsegulira kazenera, chifukwa satseka zonse nthawi imodzi. Tsiku loyamba la mlandu, mkulu wa sukulu ya madokotala, bambo wa imvi amene ankayenda ngati wanyamula thumba la simenti, anamuitanira pambali m'khonde la khoti.

"Mnyamata iwe, tamvera. Mmodzi mwa osankhidwa wapeza sukulu kunja, wapita. Wotsatira ndiwe. Malo ndi ako, opanda kukangana ndi munthu. Koma chiletso chako chatimanga manja, sitingakulembe. Chotsa mlanduwu, ubweze mawu aja pamaso pa anzako, Lolemba uyambe kalasi."

Chinthu chimene Kasingano ankachilirira chinali pamphuno pake. Anathamangira kwa a Tiwaonetsa.

"Aopa!" anakuwa iwo, mpaka wapolisi wa pakhomo anacheuka. "Mwaona? Sitinayambe n'komwe, ayamba kale kugwada. Koma tandiuzani, munthu wobweza mawu olumbira amalowa m'kalasi kapena m'ndende? Ndiponso mukalowe ngati wotola zimene wina wataya? Inu? Ayi, bwana. Mukalowe chigamulo chili m'manja, chipepeso pamwamba. Tiwaonetsa."

Za ndendezo sizinamuopse kwambiri, poti mkulu uja anali atalonjeza kuti sukulu siidzalondola. Chimene chinamulemera chinali china: kuima m'chipinda cha tiyi, anamwino ali phee, iye n'kunena kuti, "Ndinanama." Mawu amodzi okhawo. Anawayeza pakamwa pake ali yekha, n'kupeza kuti sakutuluka.

Anakauza mkulu uja kuti adzaonana pamaso pa woweruza. Bamboyo sanakwiye. Anangovula magalasi n'kutikita maso.

Tsono amene simunakhalepo pa benchi la khoti, mverani. Mlandu suwola, n'zoona, koma mwini wake ndiye amawola. Tsiku lija woweruza anati loya wa sukulu abweretse mapepala ena. Atabweretsa, loya wa Kasingano anali kumaliro. Atabwera kumaliro, fayilo inasowa. Inapezeka itachindikira mwendo wa tebulo la kalaliki, koma pamenepo n'kuti woweruza atasamutsidwa, ndipo watsopano anati ayambire poyamba chifukwa zolemba za mnzake sizikuwerengeka. Kenako khoti linapita kutchuthi. Khoti limapuma, anthu inu, ngakhale silinagwire kanthu.

Ulendo uliwonse Kasingano ankapempha tsiku kuntchito, kusita malaya, kukhala pa benchi kuyambira m'mawa, n'kumva mawu aja: mlandu wasunthidwa. Ndipo ulendo uliwonse a Tiwaonetsa ankati, "Zikuyenda bwino kwambiri," n'kuloza kuseri. Kabala kaja kanamuzolowera. Mwini wake anayamba kumuthirira asanakhale pansi.

Chaka chinatha kalasi ili yotseka. Anzake osankhidwa aja, amene sanamulakwire kanthu, ankamudutsa m'makonde ngati chipilala. Khoti linadzawamvera chisoni n'kuwalola kuyamba, koma linasunga malo awiri osakhudza: otsala aja, ndi a Dokotala Wamfupi, poti ndiwo anali pa mlandu. Dokotala Wamfupi sanadikire. Analongedza katundu n'kukaphunzira kudziko lina, atanyamula mwana. Mwamuna sanapite nawo. Mayi a Dokotala Wamfupi anasiya kwaya. Posakhalitsa mayi a Kasingano nawo anasiya, akuti pakhosi pakuwawa.

Nthawi yolembetsa itakwananso, atelala anayesa kachiwiri.

"Lemba mayeso ngati anzako. Mlandu uziyenda wokha."

"A Tiwaonetsa akuti ndikalemba ndiye kuti ndavomera kuti ndinalephera."

"Nanga sunalephere?"

"Ababa!"

"Ndangofunsa. A Tiwaonetsa akowo, pa milandu yonse ili m'chikwama mwawo, unamuonapo munthu mmodzi amene anamuonetsa?"

Kuchipatala mkulu wa wodi anamuitana. "Dokotala, odwala sasunthidwa ngati milandu. Dzulo munthu wadikira ndi bala lotsegula inu muli kukhoti. Ndipo m'mawa uno mukununkha. Sankhani, kuno kapena uko."

Anasankha uko. Anati akufuna nthawi yolondola bwino mlandu wake.

Kuyambira pamenepo khoti linasanduka ntchito yake. Ankapita ngakhale tsiku limene si lake, kukamvera milandu ya eni. Anadziwa woweruza amene amagona masana ndi amene sakonda nsapato zolira. Mabuku a opaleshoni anachindikira bedi. M'shopu makina amodzi anatuluka pakhomo atanyamulidwa ndi anthu awiri, chifukwa loya sadya mawu. Atelala anaima n'kumayang'ana madontho anayi amene miyendo ya makinawo inasiya pa simenti.

"Amayi ake," anatero, "tinkati tikulera dokotala. Talera fayilo."

"Musatero, abambo ake. Akumva."

"Akanakhala wakumva bwenzi tili pano?"

Zaka zinapita, zokwanira kuti amene anayamba kalasi ija amalize. Kenako tsiku lina, popanda chifukwa chooneka, aliyense anapezeka: woweruza, maloya onse awiri, ndi fayilo yomwe. Chigamulo chinawerengedwa. Za bulauzi, woweruza anati ndi mawu opanda mboni, onyansa, oti munthu wophunzira achite nawo manyazi, ndipo anazitaya. Koma anati malo amene anatsala aja analidi a Kasingano kuyambira kalekale, ndiye sukulu imulandire. Kungoti popeza wakhala nthawi yaitali osagwira wodwala, ayambe wayesedwa manja.

"Tawaonetsa!" a Tiwaonetsa anavina pa masitepe a khoti. "Ndinanena ine!"

Palibe anawakumbutsa kuti khoti lapatsa Kasingano chinthu chomwe chija anapatsidwa ulere m'khonde tsiku loyamba.

Mayi ake anachapa jasi lake loyera limene linali litachita chikasu m'sutikesi. M'mawa wa tsiku loyesedwa, a Tiwaonetsa anamudikira pa geti la sukulu, kabotolo kali m'thumba la jekete.

"Kamodzi kokha, koziziritsa manja."

"Amva fungo."

"Mutafuna chingamu."

Kasingano anakana. Aka kanali koyamba pa zaka zambiri kuyamba tsiku osalawa, ndipo thupi linazindikira msanga kuposa iye.

M'chipinda choyesera munali tebulo, nyale yowala, ndi akatswiri atatu. Wapakati anali wamfupi. Anali atabwerako kunja, tsopano mphunzitsi wa opaleshoni pa sukulu yomweyo. Atamuona anaimirira, n'kutola cholembera chake.

"Ine ndituluke," anauza anzake. "Akalephera adzati ndabwezera. Akakhoza, sindikudziwa adzati ndinalowa mu ofesi ya ndani." Podutsa anangoti, "Zabwino zonse, achimwene." Chitseko chinadzitseka chokha.

Anamuikira chikopa chophunzirira kusoka, chong'ambidwa pakati, ndi singano yokhota, ndi kachitsulo kopanira singanoyo. Ntchito yoti kale akanaichita akucheza za mpira.

Anapana singano. Nsonga yake inayamba kuvina. Anapuma mozama, n'kutsamiritsa chigongono patebulo. Inavinabe. Anabaya, inalowa patali ndi bala. Anazula, anabayanso, chikopa chinang'ambika. Thukuta linatsikira m'maso. Anagwira dzanja lamanja ndi lamanzere ngati munthu wogwira nkhuku yofuna kuthawa, koma onse awiri ankanjenjemera limodzi. Singano inapulumuka, n'kugwera pansi. M'chipindamo munali zii, moti onse anaimva ikugwa.

Woyesa wamkulu sanamunyoze. Zikanakhala bwino akanamunyoza. Anangoti, "Dokotala, ameneyu akanakhala mwana wa munthu. Pepani."

Panja a Tiwaonetsa anali atakonzeka kale.

"Musadandaule, ndamva zonse. Tebulo lija limagwedera. Nyale anaikira dala kuti ikuthobweni m'maso. Ndiponso mkazi uja analowamo bwanji poyamba? Tichita apilo. Ulendo uno ndiye tiwa..."

"Taonani," anatero Kasingano, n'kutambasula manja pamaso pawo. Zala zinkagwedezeka ngati masamba. "Awa mukawasumira kukhoti liti?"

A Tiwaonetsa anayang'ana zalazo, n'kuyang'ana kumbali. Pa geti pankatuluka mtsikana wina akupukuta misozi, envulopu ili m'manja. Anakonza jekete lawo.

"Chemwali! Nkhope imeneyo ndi ya munthu woberedwa."

Kasingano anayenda wapansi mpaka kunyumba. Anapeza atelala atakhala pa makina otsala aja, akulimbana ndi ulusi, maso atatheratu. Atamva mapazi, anatambasula dzanja monga ankachitira kale, osafunsa za mayeso.

"Wabwera bwino. Tandilowetsera."

Analandira. Anayesa kamodzi. Ananyambita ulusi, anatsinzina diso, anayesanso. Mayi ake anaimirira mwakachetechete, n'kumulanda, n'kulowetsa okha.

Pamenepo mawu aja amene anakana kutuluka zaka zonsezo anatuluka okha. "Ababa, ndinanama. Sindinaone kanthu."

"Tikudziwa," anatero atelala. "Ife si amene unatinamizira. Ukudziwa kokanena."

Anapitadi. Anadikira pa benchi panja pa ofesi ya Dokotala Wamfupi, ndipo kudikira ndiye anali atakuphunzira bwino. Ananena zonse, chitseko chili chotsegula, anamwino akumva. Iye anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndamva, achimwene," anatero. "Mukanabwera nawo mawu amenewa banja langa lisanathe, akanagwira ntchito. Koma ndamva. Siyani mowa." Anayang'ana wotchi. "Ndili ndi wodwala."

Lero mukadutsa pa shopu ya atelala mudzapeza bambo wina wa imvi zoyamba kumene akusita zovala za makasitomala. Amasita bwino, poti simbi ndi yolemera, siivina m'manja. Mowa anasiya, ngakhale pena amaima pakhomo nthawi yaitali akuyang'ana njira ya kukhoti. M'mawa uliwonse, pemphero likatha, atelala amamuikira patebulo kachidutswa ka nsalu, singano ndi ulusi. Masiku ena ulusi umalowa. Masiku ambiri ayi. Mayi ake sanabwererebe ku kwaya.

Tsono inu achinyamata amene muli ndi mphatso, mukalephera, vomerani kuti mwalephera, mukawerenge, mudzayesenso. Khoti lilipo chifukwa cha olakwiridwa enieni, si chipatala cha mtima wansanje. Musachitire mnzanu umboni wonama, ndipo mukaterereka n'kunama, bwezani mawuwo tsiku lomwelo akadali opepuka. Woweruza akhoza kukubwezerani malo. Koma zaka, dzina la mnzanu, ndi manja amene Mulungu anakupatsani, palibe khoti limene limabweza.